Dzina la Amalume M'mbali mwa Mizere

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, msana ukuwawa chifukwa cha simenti. Amayi tonse tinagona pabalaza pamene panali bokosi la amalume a Fanuel, ndipo nyimbo zinali zitazilala zokha, oimba atatopa. Kunja abambo anali atazinga moto, ena akuwodzera atafunda majekete kumutu. Chiperoni chinayamba msanga chaka chimenecho, kamvula kopanda phokoso kaja konyowetsa munthu asakudziwa.

Ndinazungulira kuseri kuti ndikasukusule. Kumeneko ndinapeza azakhali, akazi awo a malemu, atatuluka pang'ono kudzapuma mpweya, mayi wina wa kumpingo ataima chapatali kuwadikira. Anandigwira dzanja, osandiyang'ana.

"Esnart, anthu akabalalika madzulo undiyatsire laputopu ya amalume ako. Ndikufuna ndione dzina lawo m'mbali muja, monga anandionetsera tsiku lina."

Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Dzina la amalume m'mbalimo munalibenso, ndipo amene analichotsa ndinali ine.

Ndifotokoze kaye. Amalume ndiwo anayambitsa pulogalamu imene imatumiza mauthenga pa foni za alimi ang'onoang'ono a tiyi a kuno, kuwauza pamene lole iime ndi nthawi yake, kuti masamba asafote pamsewu akudikira. Anailemba okha m'kachipinda kakuseri kwa nyumba yawo, chakumtunda kwa Chitakale, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Kenako anabwera a Bizwick a ku Blantyre kudzathandiza, ine n'kulowa pomaliza, nditaphunzitsidwa ndi amalume omwewo. Pulogalamu ndi mizere ya malangizo, mizere yambirimbiri, ndipo tili ndi kaundula amene amasunga chilichonse chimene munthu wasintha. Ukamufunsa kaundulayo, amaika dzina ndi tsiku m'mbali mwa mzere uliwonse, kusonyeza amene anaukhudza komaliza. Ndi zimenezo amalume anaonetsa akazi awo: dzina lawo litatsika kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Amalume anali ndi lamulo lawo. Mzere ukalowa m'kati, ulowe ndi mipata inayi, osati itatu, osati isanu, ndipo kumapeto kwa mzere kusatsale kampata kolendewera. Kampata kameneko sikaoneka ndi maso, komatu iwo ankakapeza ngati mmene dzino limapezera mwala mu mpunga. Ntchito yanga ina anandibwezera kasanu ndi kawiri. Inali yolondola, inkagwira bwinobwino, koma ati mizere sinafole. Ndinakwiya mpaka kulira, ndinawatcha akapitawo, ndinakhala masiku atatu osawapatsa moni. Iwo osatekeseka n'komwe. Ankangonena kuti munda wothyoledwa ndi anthu makumi anayi uyenera kuoneka ngati wathyola munthu mmodzi, chifukwa pamwamba pakakhala posalala m'pamene umaona msanga chitsamba chodwala.

Amene ankawapweteketsa mutu kwenikweni ndi a Bizwick. Iwo m'malo mogogoda mipata inayi ankangodina batani lodumpha lija timati tabu. Pa kompyuta yawo zinkaoneka zoongoka, pa yathu mizere inkayenda ngati mapazi a munthu wochokera kumowa. Awiriwa anakangana za nkhaniyi zaka zambiri, pa foni, pa chakudya, ngakhale pa ukwati wa mwana wawo wa amalume. Amalume ankawongola mizereyo pang'onopang'ono ndi manja, kuno lero, uko mawa, ndipo ine ndinkaona ngati akungochedwa.

Amalume atagonekedwa kuchipatala cha kuboma ndinati ndiwasangalatse. Pali kapulogalamu kosalaza kamene kamawongola mizere yonse nthawi imodzi. Ndinakayendetsa pa ntchito yonse, ndipo mphindi isanathe zonse zinali zitafola, mipata inayi paliponse. Ndinatumiza kwa anzanga a ntchito ndikumwetulira ndekha. M'mawa mwake nditafunsa kaundula, ndinaona chimene amalume ankachedwera. Popeza ndinakhudza mzere uliwonse, kaundula analemba dzina langa pa mzere uliwonse. Ntchito ya zaka zisanu ndi zinayi inali pa dzina la Esnart. Ndinatseka kompyuta, manyazi atandigwira. Kuchipatala ndinkapita ndi phala tsiku lililonse, n'kumakamba za mvula ndi za mbuzi, za mizere ayi. Patatha milungu iwiri anamwalira ndisanawauze.

Kutayamba kuyera ndinalowa m'gulu la ophika. Moto unali m'mizere itatu kuseri kwa khitchini, pansi pa lona amene anyamata anamanga usiku. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unkatilowa m'maso, moti sunkadziwa amene akulira maliro ndi amene akulira utsi. Ine anandipatsa kusankha nandolo. Ndinakhala pa chidebe, lichero pamiyendo, ndipo m'mutu munkangozungulira njira imodzi yachidule. Kaundula amasunganso zakale. Ndikanatha kutsegula ntchito mmene inalili ndisanaisalaze, n'kuonetsa azakhali dzina la amuna awo, iwo osadziwa kuti akuona za mwezi watha. Anali mayi amene anathyola tiyi zaka zambiri, za kompyuta sankazitsata. Ndani akanawauza?

Anthu anayamba kufika dzuwa lisanaoneke, ngati linaoneka n'komwe tsikulo. Pamsewu panali pataikidwa nthambi, ndipo a njinga ankatsika akafika pamenepo n'kumaikankha. Anabwera a kumpingo, anabwera a m'makomboni a kuesiteti atavala majombo ndi mapepala apulasitiki kumsana, anabwera achibale a ku Nkando pa lole yaing'ono atapanikizana ndi matumba a ufa. Koma ochuluka anali alimi. Ambiri a iwo amalume sanawaonepo nkhope. Mayi wina amene ankadula kabichi pafupi nane anati iye ankayesa mauthenga aja amachokera ku ofesi yaikulu ya mumzinda, ndipo anadabwa kumva kuti amatuluka m'kachipinda koyang'anana ndi khola la nkhuku. Anaimirira, anapita kukasuzumira pawindo, n'kubwerera akupukusa mutu.

Adzukulu okumba manda anabwera kudzamwa tiyi, matope mpaka m'maondo. Mmodzi wa iwo, wachikulire, ankakalipira anzake kuti khoma lina la dzenje lapendama, ndipo akamaliza kumwa abwerere akaliseme. Anzakewo anati bokosi lilowa ndithu, vuto n'chiyani. Iye anati kulowa lilowa, koma iye sakwirira munthu m'dzenje lokhota. Ndinaseka mokweza pakati pa maliro, amayi ena n'kundicheukira. Amalume anali atapeza mnzawo.

A Bizwick anafika cha m'ma naini. Anatsika minibasi pa Chitakale n'kukwera kabaza, ndipo suti yawo yakuda inali itanyowa mbali imodzi. Anapereka moni kwa abambo, analowa kukapepesa azakhali, anatuluka maso ali ofiira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho ndinasiya lichero, ndinawakodola, tinakaima pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndinawauza zonse mofulumira, ndi pempho la azakhali lomwe.

Anandiyang'ana, kenako anayamba kuseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka.

"Ndinaona, achemwali. Tabu zanga zonse munazipha tsiku limodzi, popanda ngakhale mwambo wa maliro."

Ndinawauza kuti sindinawaitanire nthabwala. Anapukuta magalasi n'kunena kuti kaundula saiwala, amangofuna kuuzidwa. Pali kafayilo kamene umalemba, n'kuikamo nambala ya kusintha kuja, kumuuza kuti apa adumphe chifukwa kunali kusesa chabe. Ukatero amayang'ana kuseri kwa kusesako n'kubweza mayina a eni mizere. Ndinawafunsa chifukwa chimene anakhalira chete milungu iwiri yonse, ine ndikuonda ndi maganizo. Anati safunsa anadya phula. Ndikanakhala ndi chikuni m'manja, sindikudziwa. Analibe pepala louma, ndiye anandilembera dzina la kafayiloko pachikhatho ndi bolopeni, ndipo kuyambira pamenepo ndinayenda nditafumbata dzanja lamanzere kuti mvula isafufute.

Mtima unakhala pansi, koma osati wonse. Tsopano njira zachidule zinali ziwiri. Ndikanatha kulowa m'kachipinda anthu akudya, n'kukonza mwakachetechete, azakhali n'kudzapeza zonse zili m'malo ngati sipanachitike kanthu.

Mwambo unayamba cha m'ma leveni. Bokosi analitulutsa panja, pansi pa tenti, ndipo tinafola kukaona nkhope. Amalume anavala shati yoyera ndi tayi ya buluu. Azakhali atafika pabokosi anawerama, anawongola kolala imene inapindika pang'ono, kenako n'kuyamba kulira. Amayi a mpingo ovala zoyera anawagwira uku ndi uku. Ine ndinalira pamenepo, kulira kwenikweni, koyamba chichitikireni malirowo.

Mkulu wa mpingo anawerenga mbiri ya malemu. Anatchula kumene anabadwira, mayi wawo amene ankathyola tiyi, sukulu zimene anaphunzira, ana awo awiri. Atafika pa ntchito anapunthwa, anati malemu ankakonza makompyuta. Bambo wina kumbuyo, mlimi, anayankha mokweza kuti ayi, ankatiuza za lole. Anthu anang'ung'udza movomereza, mkuluyo n'kubwereza mawu omwewo, kuti malemu ankauza anthu za lole. Kenako a Bizwick anapatsidwa mpata. Sanatalikitse. Anati anagwira ntchito ndi munthu amene ankakonza ngakhale zimene wina aliyense sadzaziona, ndipo munthuyo anali ndi lamulo lachiwiri limene iwo a Bizwick sanatsutsanepo nalo: kusesa pakokha, kukonza pakokha, ndipo ukamaliza ulembe chimene wachita, osabisa china m'kati mwa chinzake.

Sanandiyang'ane ponena zimenezo, mwina sankaganiza n'komwe za ine. Koma lamulolo ndinkalidziwa. Amalume anandibwezerapo ntchito chifukwa ndinalemba kuti ndakonza chimodzi pamene ndinakhudza ziwiri. Nditakhala pamphasa paja ndinadziwa kuti m'kachipinda sindilowamo ndekha.

Ulendo wa kumanda unadutsa m'munda wa tiyi, chifukwa njira ya galimoto inali itaterera. Kanjirako n'kopapatiza, choncho tinayenda awiriawiri, bokosi patsogolo likusinthana manja, nyimbo ikuyamba kutsogolo n'kufika kumbuyo mochedwa. Phiri silinkaoneka, linali litafunda mtambo mpaka m'chiuno. Tiyi yekha ndiye ankaoneka, wosalala mbali zonse ziwiri, wonyowa, wobiriwira mpaka kumene maso analekezera. Patsogolo panga pankayenda mayi wokalamba wa kumakomboni. Akuimba choncho, dzanja lake linatuluka lokha m'chitenje, linathyola kamphukira kamene kanatalika kuposa anzake, n'kukataya. Sanacheuke, sanasiye kuimba, ndipo sindikhulupirira kuti anadziwa zimene anachita.

Kumanda sitinachedwe chifukwa mvula inawonjezera. Dzenje linali loongoka mbali zonse zinayi, ndinayang'ana dala. Anatsitsa bokosi ndi zingwe, abusa anaponya dothi, adzukulu anakwirira mosinthana makasu. Tinaika nkhata motsatana, azakhali poyamba, ana, kenako ife a mbumba. Yanga ndinaika ndi dzanja limodzi. Pobwerera anthu anayamba kucheza za mitengo ya feteleza ndi za msewu, monga zimakhalira, ndipo sizinandipweteke. Amalume anaikidwa bwino, ndi anthu ambiri, ndipo panalibe mkangano ngakhale umodzi.

Kunyumba anthu anasamba m'manja pa ndowa ya pachipata, anadya m'magulumagulu, nandolo wanga anatha. Cha m'ma folo lole ya ku Nkando inanyamuka, a njinga anatsatira, a Bizwick anathamangira minibasi atandiuza kuti ndikalakwitsa ndisawaimbire. Anyamata anatsitsa tenti, anasanja mipando ya kutchalitchi pakhonde. Pabwalo panatsala matope opondedwa ndi phulusa. M'nyumba munatsala amayi achikulire anayi ogona ndi azakhali, ndipo onse anali atatambalala pabalaza, kutopa.

Dzuwa litangolowa azakhali anandiitana ndi maso. Tinalowa m'kachipinda kaja. Magetsi analipo, zodabwitsa. Mpando unali umodzi, ndinawapatsa iwo, ine n'kugwada pambali. Laputopu inali mu chikwama mmene inabwerera kuchokera kuchipatala. Ndisanaitsegule ndinawauza. Ndinati amalume ali m'chipatala ndinawongola mizere yonse ndi makina osawafunsa, ndipo kaundula anachotsa dzina lawo n'kuika langa paliponse, ndipo ndinachita mantha kuwauza mpaka anapita.

Anayang'ana chikwamacho, n'kundifunsa.

"Ndiye unaononga ntchito yawo?"

"Ayi, azakhali. Ikugwira monga kale. Mawa uthenga wa lole upita."

"Nanga dzinalo latayika?"

"Likhoza kubwerera. A Bizwick andionetsa njira."

"Ndiye ukugwadiranji ngati wakuba nkhuku? Bweza."

Ndinatambasula chikhatho. Inki inali itayenderera ndi thukuta koma inkawerengeka. Ndinatsegula laputopu, ndinalemba kafayilo kaja, ndinaikamo nambala, ndinafunsa kaundula. Mayina anabwerera. Fanuel, Fanuel, Fanuel, kenako Bizwick mizere ingapo, Fanuel kachiwiri, Esnart apo ndi apo, pamene ndinalembadi ndekha. Mizere yonse inali yofola, mipata inayi, koma aliyense pa malo ake.

Azakhali anasendeza mpando. Anaika chala pagalasi n'kumatsika nacho pang'onopang'ono, ine ndikuyendetsa. Mayina anawawerenga kanthawi kochepa, kenako anayamba kuwerenga masiku. Anaima pena.

"Ili si tsiku la Khirisimasi ili? Anati mutu ukuwawa, akukagona. Onama bambo amenewa."

Tinatsika. Anapeza tsiku limene anachedwa ku chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wawo, amalume atanena kuti njinga yaphwa. Anapeza mlungu umene iwo anali ku Nkando kodwazika mayi awo, mizere yambirimbiri tsiku lililonse, n'kunena kuti n'chifukwa chake anapeza nkhuku zitaonda. Ankawakalipira ngati ali m'chipinda chinacho, akuseka, misozi ikutsika osaipukuta. Ine ndinkaseka nawo. Mmodzi wa amayi a pabalaza anasuzumira, anationa, anabweza chitseko.

Titafika ku fayilo yomaliza, ya malangizo a ogwira ntchito, chala chawo chinaimanso. Panali mzere umodzi wa dzina la amalume wokhala ndi tsiku la mwezi womwewo, masiku anayi asanamwalire. Ndinayesa ndawerenga molakwa. Azakhali anati ayi, limenelo ndi Lachiwiri lija, amalume anawavutitsa kuti awabweretsere laputopu, iwo anakana, amalume anati mphindi zisanu zokha, mpaka namwino anawakalipira onse awiri.

Ndinatsegula kuti ndione chimene anasintha. Fayilo imeneyo, popeza inali ya mawu wamba osati ya pulogalamu, kapulogalamu kosalaza kaja sikanaifike. Kumapeto kwa mzere wina kunali kampata kamodzi kolendewera, ndipo amalume anakachotsa. Pamalo polemba chimene wachita analemba kuti: "Kanatsala kamodzi. Zinazo zili bwino."

Ndiye kuti anaona. Anaona dzina langa pa ntchito yawo yonse, ine ndikubwera ndi phala n'kumakamba za mbuzi, iwo akundiyankha za mbuzi zomwezo. Sanandibwezere. Chiyambireni kugwira nawo ntchito sanandiuzepo kuti zili bwino popanda kundibwezera kaye, ndipo ndinakondwa, kukondwa kwenikweni, tsiku la maliro awo.

Kusinthako kunali kusanatumizidwe. M'chipinda cha odwala muja netiweki inkadukaduka, zanga zinawafika koma zawo sizinatuluke, choncho kunangokhala mu laputopu kudikira. Ndinawafotokozera azakhali kuti ntchito yomaliza ya amalume sinafike kwa anzawo. Anafunsa kuti imafika bwanji. Ndinayatsa intaneti ya pa foni yanga, ndinalemba lamulo lotumizira, ndinawaonetsa batani. Anapukuta chala pachitenje, anachiyang'ana kaye, n'kudina mwamphamvu ngati akuthyola tsinde lokhwima.

"Zafika?"

"Zafika, azakhali."

"Basi. Aweruke tsopano."

Anaimirira, anabweza mpando pansi pa tebulo mouwongola, anapita pabalaza kukagona ndi anzawo. Ine ndinatseka laputopu n'kuibwezera m'chikwama. M'nyumba munali zii, kupatula kamvula padenga ndi nkhuku zikukonzeka kugona kuseri kwa windo. Ndinatuluka kukasamba m'manja pa ndowa ya pakhonde, ndipo inki ya a Bizwick inachoka ndi sopo pang'ono chabe.